Kukonza Msonkhano Woyeserera wa Akazembe ku Livingstonia

Dziko la Malawi linalowa m'bungwe la United Nations pa 1 December 1964, ndipo kazembe wake woyamba kumeneko anali David Rubadiri. Chiyambire pamenepo, ku New York, ku Geneva ndi ku Addis Ababa kumakhala Amalawi otiyankhulira pa nkhani za ngongole, malonda, nyengo ndi malire. Komabe ambirife sitidziwa kuti zokambiranazo zimayenda bwanji. Njira imodzi yophunzirira ndi msonkhano woyeserera, umene m'mayunivesite ambiri umatchedwa Model United Nations. Ophunzira amagawana mayiko, aliyense n'kukhala nthumwi ya dziko limene wapatsidwa, ndipo amakambirana ndi kuvota motsata malamulo a bungwelo. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1920, ophunzira akuyeserera League of Nations, bungwe limene linalipo United Nations isanakhazikitsidwe.

M'boma la Rumphi malo ochitira zotere alipo. University of Livingstonia, imene Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula mu 2003, ili pa Khondowe, pomwe Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Ophunzira apamenepo atafuna kukonza msonkhanowu angatsate ndondomeko iyi.

Sankhani bungwe molingana ndi chiwerengero chanu

Msonkhano waukulu wa United Nations, wotchedwa General Assembly, uli ndi mayiko 193, lililonse voti imodzi. Simufunika kudzaza mipando yonse, koma zigawo zonse za dziko lapansi ziyimiriridwe. Security Council ili ndi mayiko 15 okha. Kuti mfundo idutse pamafunika mavoti 9, ndipo dziko limodzi mwa asanu okhazikika, China, France, Russia, Britain ndi America, likavota kuti ayi, mfundoyo yafera pomwepo. African Union ili ndi mayiko 55, pomwe SADC ili ndi 16 ndipo imamanga mfundo pogwirizana onse. Ongoyamba kumene achita bwino kuyamba ndi SADC kapena Security Council, chifukwa nthumwi zake zimakwana m'kalasi imodzi ndipo aliyense amapeza mpata woyankhula.

Mutu ukhale wokhudza anthu a kuno

Nkhani ya fodya ndi chitsanzo chabwino. Malawi analowa m'pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, pamene ku Bolero ndi m'chigwa cha Henga mabanja ambiri amalipira fizi ndi ndalama za fodya yemweyo. Ina ndi ya malire a pa nyanja ya Malawi, yomwe imaonekera bwinobwino munthu ukaima pa Khondowe. Malawi amatsamira pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja kum'mawa, pomwe Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi.

Phindu la msonkhano wonse lagona apa. Mtsikana wokulira ku Chitimba, amene bambo ake ndi msodzi, akagwera Tanzania pa maere, ayenera kuimirira n'kuteteza maganizo a Tanzania mpaka mapeto. Mtima umakana, koma akamaliza amakhala atadziwa kumene mnzake wokangana naye akuchokera, ndipo mfundo za Malawi amazimvetsa kuposa kale. Choncho mayiko agawidwe pochita maere, wina asasankhire anzake.

Chilolezo, komiti ndi ndalama

Lemberani kalata ofesi yoona za ophunzira, kudzera ku bungwe la ophunzira, ndipo pezani mphunzitsi mmodzi wokhala mlangizi wanu. Komiti ikhale ndi mlembi wamkulu woyendetsa zonse, apampando a zokambirana, msungichuma, ndi woona za chakudya ndi malo ogona. Tsiku lisayandikane ndi mayeso, ndipo likhale m'chilimwe. Msewu wokwera kuchokera ku Chitimba uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo nthawi ya dzinja umavuta. Ngati mwaitana anzanu a ku Ekwendeni, a ku Mzuzu University kapena a m'masekondale a m'bomali, auzeni msanga za mayendedwe. Ndalama iliyonse yolembetsera ikhale ndi lisiti, ndipo lipoti la ndalama liperekedwe poyera msonkhano ukatha. Kalabu imene yasokoneza ndalama chaka choyamba sipatsidwanso holo chaka chachiwiri.

Kukonzekera kwa nthumwi

Nthumwi idziwe dziko lake kukadali milungu ingapo, ndipo ilembe tsamba limodzi lofotokoza zinthu zitatu: vutolo likulikhudza bwanji dzikolo, dzikolo lanenapo kapena kuchitapo chiyani, ndipo likufuna kuti pachitike chiyani. Zoyankhula za atsogoleri pa msonkhano wa General Assembly wa mwezi wa September chaka chilichonse zimapezeka pa intaneti, pamodzi ndi mmene mayiko anavotera. Woimira dziko la mu Africa mu Security Council adziwe mgwirizano wa Ezulwini wa 2005, womwe umafuna kuti Africa ikhale ndi mipando iwiri yokhazikika ndi isanu yosinthana.

Tsiku la msonkhano

Wapampando amayamba ndi kuitana mayina a mayiko. Wofuna kuyankhula amakweza chikwangwani cha dziko lake, chomwe chingakhale katoni yopinda pakati yolembedwa ndi maka, ndipo amalembedwa pa mndandanda. Nthawi ndi yoyezedwa, mwina mphindi imodzi ndi theka, ndipo ikakwana wapampando amagogoda tebulo ngakhale chiganizo chili pakati. Nthumwi sinena kuti "ine ndikuganiza". Imati "Wapampando, dziko la Zambia likuona kuti", ndipo mnzake simuyankha mwachindunji koma kudzera kwa wapampando.

Pakapita nthawi, wina amapempha kuti zokambirana ziyambe zaima. Apa nthumwi zimachoka m'mipando, kuunjikana m'magulu, kunyengererana ndi kulemba chikalata cha mfundo. Chikalatacho chimayamba ndi zifukwa, kenaka zochita zoikidwa manambala: achite ndani, liti, ndi ndalama zochokera kuti. Ena amapempha zosintha, ndipo pomaliza dziko lililonse limavota inde, ayi, kapena kusavota. Mu General Assembly nkhani zikuluzikulu zimafuna magawo awiri mwa atatu a ovota. Ophunzira adziwenso kuti mfundo zambiri za General Assembly ndi malangizo chabe, pomwe zigamulo za Security Council zimamanga mayiko onse.

Zokambirana zichitike m'Chingerezi, koma potseka mlembi wamkulu afotokoze zomwe zamangidwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kuti mafumu ndi alimi amene aitanidwa amve kuti nkhani ya fodya wawo yathera pati. Mphotho ipite kwa amene anafufuza bwino ndi kugwirizanitsa anzake, chifukwa wokuwa kwambiri sakhala kazembe wabwino.

Ophunzira a ku Livingstonia, musadikire thandizo lochokera kunja. Kalasi imodzi, makatoni 16, wotchi ndi mphunzitsi mmodzi wodzipereka n'zokwanira kuyamba ndi msonkhano wa SADC chaka chino. Lembani kalata yopempha chilolezo, mugawane mayiko, muyambe kuwerenga.