Chitetezo cha Anthu Ogwira Ntchito Zomangamanga ku Nsanama

Alimi akamaliza kukolola, ambiri a iwo amalowa ganyu pamalo omanga sitolo, nyumba ndi sukulu pa Nsanama, m'boma la Machinga. Amaponda dothi, amatuta njerwa ndi kusakaniza simenti, kawirikawiri popanda wowafotokozera zoopsa za ntchitoyo. Munthu wotere akathyoka msana, munda wake umagonera ndipo banja limagwa m'njala.

Lamulo loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, limalamula olemba ntchito kuphunzitsa antchito awo za zoopsazi, kuwayang'anira ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera mwaulere. Choncho wamalonda kapena kontirakitala amene walemba amisiri ndi aganyu aonetsetse kuti alangizidwa ntchito isanayambe.

Choyamba chofunika kuphunzitsa ndi kupewa kugwa. Nsanja yoimapo womanga ikhale ya mitengo yolimba ndi matabwa osafumbwa, osati migolo yosanjikiza. Makwerero amangidwe kumwamba, ndipo tsinde lake litalikire khoma mita imodzi pa mamita 4 alionse okwera.

Chachiwiri ndi maenje. Dothi lonyowa ndi mvula limagumuka mosachenjeza, kotero makoma a dzenje lakuya achirikizidwe, dothi lofukulidwa liunjikidwe kutali ndi m'mphepete, ndipo wokumba asakhale yekha.

Chachitatu ndi simenti. Yaiwisi imaotcha khungu pang'onopang'ono, pamene fumbi lake limaononga maso ndi mapapo. N'chifukwa chake pamafunika magolovesi, jombo ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno. Ikagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera, kenako thamangirani kuchipatala.

Onyamula malata ndi zitsulo atalikire mawaya a magetsi a ESCOM. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, antchito apatsidwe madzi akumwa ndi nthawi yopumira pamthunzi. Ana ndi anthu opita kumsika asadutse pamalo omangapo.

Ngozi ikachitika, wolemba ntchito adziwitse ofesi ya zantchito ya m'boma mosazengereza. Lamulo la chipukuta misozi cha antchito la mu 2000 limapereka mwayi wolandira chipukuta misozi kwa wovulala pantchito, kapena kwa banja lake ngati wamwalira.

Inu amene mwalembedwa ganyu, funsani pamene simunamvetse, ndipo nenani mukaona nsanja ikugwedera. Paja safunsa anadya phula.