MASEWERA A ANA A PA WAILESI YA KANEMA, NDI CIFUKWA CACE AKULU SAWAIWALA

Lero sitinena za mbeu kapena za msika. Tinena za cinthu cimene cicitika ku dziko la America, cimene munthu pocimva koyamba akhoza kuseka. Kumeneko kuli anthu a imvi, ena a zidzukulu, amene akamva dzina la munthu wanthabwala amene anali kumuona pa wailesi ya kanema ali ana, maso ao alengeza misozi. Sapukwa masewera aakulu ochuka dziko lonse, iai. Apukwa timasewera ta ana timene tinali kupangidwa mu mzinda mwao momwemo, timene anthu a mzinda wina sanatimve ndi pang'ono pomwe. Nanga munthu wamkulu, mwini nyumba yace, apukwa bwanji zinthu za ana? Cherani khutu, timve m'mene zinakhalira.

Wailesi ya kanema inafala msanga ku America. M'caka ca 1950 nyumba imodzi yokha mwa nyumba 10 inali nayo, koma pofika 1960 inali m'nyumba pafupifupi 9 mwa 10. Tsono mudziwe kuti kanema sali ngati wailesi ya mau, imene usiku mukhoza kumva nayo anthu a ku maiko a kutali. Zithunzi siziyenda mtunda wautali. Zicokera pa mlongoti wa nyumba youlutsira, ndi kufika mamailosi makumi angapo okha pozungulira. Cifukwa ca ici mzinda uli wonse waukulu unayenera kukhala ndi nyumba zacezace zoulutsira. Madzulo nyumba zimenezi zinali kulandira masewera aakulu ocokera ku New York ndi ku Los Angeles, amodzimodzi m'dziko lonse. Koma m'mawa, masana, ndi nthawi imene ana aweruka ku sukulu, mwini nyumba youlutsira anayenera kudzifunira yekha coonetsa.

Anagula makatuni akale, ndiwo zithunzi zojambula pamanja zimene ziyenda ndi kulankhula. Koma katuni mmodzi atha mphindi zowerengeka, ndipo kuti ora likwane panafunika munthu woimirira pakati, kuceza ndi ana ndi kuchula malonda a wophika buledi kapena wogulitsa mkaka wa mu mzindamo, popeza amenewo ndiwo anali kulipira. Ndalama yoitanira katswiri wa masewera panalibe. Kotero anali kutenga mmodzi wa anchito ao, kaya wolengeza, kaya wonena za nyengo, nam'bveka cipewa ca woyendetsa sitima kapena zobvala za wapolisi, kapena kum'paka utoto kumaso ndi kum'mangira mphuno yofiira. Mnyamata wina wa ku Washington, Willard Scott, anagwira nchito yotere kuyambira 1959 kufikira 1962, ndipo pambuyo pace anadzakhala wonena za nyengo wodziwika m'dziko lonselo. Anaikanso mabenci m'cipinda coulutsira, naitana ana a mu mzindamo kudzakhalapo. Zonse zinali kupita m'nyumba za anthu nthawi yomweyo imene ziri kucitika. Mwana akalira, kapena akanena mau osayenera, mzinda wonse unali kumva.

Taonani, cinthu cimene anthu acipukwa lero cinabadwa cifukwa ca kusowa ndalama.

Masewera ena ochedwa Romper Room anayamba mu mzinda wa Baltimore m'caka ca 1953. Anawayamba ndi Bert Claster ndi mkazi wace Nancy. Anali ngati kasukulu ka ana a zaka 4 kapena 5: mai mmodzi ndi ana owerengeka, kuyimba, kusewera, kupempherera cakudya ndi kumwa mkaka. Eni ace anali ocenjera. M'malo motumiza zithunzi za ku Baltimore ku mizinda yonse, anagulitsa dzina ndi malangizo, kuti mzinda uli wonse upeze mai wace ndi ana ace. Amai aja anali kukaphunzira ku Baltimore, nabwerera kwao kukagwira nchito. Masewerawa anafika ku Canada, ku Australia, ku Japan ndi ku Britain, ndipo ku America anatha m'caka ca 1994.

Cimene anthu acikumbukira koposa pa masewera amenewa ndico kagalasi. Nthawi ikafika yotsazikana, mai uja anali kunyamula kagalasi ka m'manja, konga kodziyang'anira nkhope, koma pakati pace panali cibowo cokha. Anali kusuzumira pa cibowopo monga ngati ayang'ana ana okhala kunyumba, nayamba kuchula maina, kunena kuti ali kuona wakuti, ali kuonanso wakuti. Ife akulu tidziwa kuti sanali kuona munthu. Maina ambiri anali kuwatenga m'makalata a makolo. Koma mwana wa zaka 4 sadziwa zimenezo. Iye anali kusendera pafupi ndi wailesi, nakhala cete, kuti mai uja amuone bwino. Amene anamva dzina lace akumbukira tsikulo kufikira lero. Ndipo amene anali ndi dzina lacilendo, nadikira miyezi ndi miyezi osalimva, nayenso akumbukira. Pofotokoza aseka, koma kuseka kwace kuli kwa pakamwa pokha.

Ku Seattle, mzinda wa kumadzulo pafupi ndi nyanja, kunali wanthabwala wochedwa J. P. Patches. Dzina lace leni leni linali Chris Wedes, ndipo anaonekera pa wailesi ya KIRO kuyambira 1958 kufikira 1981. Anadzicha mfumu ya kudzala, nanena kuti akhala m'kacisakasa pakati pa zinyalala za mzinda. Iye ndi mnzace Bob Newman, amene anali kubvala ngati mkazi wochedwa Gertrude, sanali kulemba mau ao pa pepala. Anali kungoyamba, cimene cabwera m'mutu ndico comweco. Nayenso anali ndi kabokosi kamene ananena kuti aonera nako ana m'nyumba zao. Makolo anali kum'lembera mobisa kuti mwana wao akumbukira tsiku lace lobadwa, ndi kuti mphatso aibisa pakuti. Tsono m'mawa mwace munthu wa m'wailesi anali kuchula mwanayo, namuuza kuti akayang'ane m'makina oumitsira zobvala. Mwana athamangira kumeneko, ndipo mphatso iripodi! Munthu yemweyo anali kucezera ana odwala m'cipatala, ndipo ana anali kukomana naye pa sitolo nam'gwira dzanja. M'caka ca 2008, iye akali moyo, ana aja atakula anasonkha ndalama nam'mangira ciboliboli ca mkuwa pa mseu, pamodzi ndi Gertrude. Anamwalira m'caka ca 2012.

Ku Chicago kunali Bozo, wa tsitsi lofiira loima ngati nyanga. Mizinda yambiri inali ndi Bozo wace, koma wa ku Chicago, Bob Bell wa pa wailesi ya WGN, anapambana onse. Kuyambira 1961 masewera ace anali kuoneka dzuwa liri pamutu, ora lathunthu, ndi gulu la oyimba malipenga ndi anthu oonerera ngati 200, ndipo ana a sukulu anali kuthamangira kunyumba kukadya ali kuonera. Ofuna kukalowa anaculuka kotero kuti nthawi zina munthu anali kudikira zaka 10 kuti alandire tikiti. Makolo ena anali kupempha malo mwana atangobadwa. Cokoma cace cinali ca ndowa. Anali kundandika ndowa 6, mwana naima pa mzera, naponya kampira kakang'ono kopepuka, kuyambira ndowa ya pafupi kunka ku ya kutali. Ndowa iri yonse inali ndi mphatso yace, ndipo pa yotsiriza panali ndalama ndi njinga. Bob Bell anapuma nchito m'caka ca 1984, wina nalowa m'malo mwace, ndipo masewerawo anatha m'caka ca 2001.

Tsopano tifunsane, cimene anthuwa apukwa nciani? Si makatuni, pakuti makatuniwo alipo ndithu, ndipo ali yense akhoza kuwaonera lero. Si ukatswiri, pakuti masewera ambiri anali osalongosoka, zipupa za mapepala zikugwa, nthabwala zomwezo tsiku ndi tsiku. Ine ndiganiza kuti apukwa kudziwidwa. Munthu wa m'wailesi uja anali wa kwao. Anali kuchula miseu imene iwo ayendamo ndi sukulu imene aphunziramo, ndipo pa benci paja panali kukhala mwana wa nyumba yoyandikana nayo. Inu mafumu mudziwa bwino cinthu ici. Gogo akayamba nthano madzulo nati "Padangokhala," ana sangomvera cabe, ayankha kuti "Tiri tonse." Gogoyo aona mwana amene ali kusinza, nam'lowetsa m'nthanomo. Kalulu akhoza kukhala yemweyo ku mudzi uli wonse, koma mwana akakula sakumbukira Kalulu yekha. Akumbukira mau a gogo wace, utsi wa moto, ndi amene anakhala naye pa mphasa.

Nanga zinatha bwanji? Coyamba cinali ca malonda. Anthu aja anali kugulitsa katundu kwa ana, ndipo mwana amene akhulupirira kuti uli kumuona pa kagalasi akhulupiriranso ukamuuza kuti akapemphe amace cidole cakuti. M'caka ca 1968 amai ena a pafupi ndi Boston, mmodzi wa iwo Peggy Charren, anayamba bungwe la Action for Children's Television, ndipo oyamba kuwadandaulira anali a Romper Room a kumeneko, cifukwa ca zidole zimene anali kuchula pakati pa masewera. M'caka ca 1974 bungwe la boma loyang'anira mawailesi, la FCC, linanena kuti wotsogolera masewera a ana aleke kuchula malonda m'masewera ace. Amai aja ananena zoona, ndipo sitingawatsutse. Koma wogulitsa mkaka ataona kuti munthu wokondedwa uja samwanso mkaka wace pamaso pa ana, anayamba kuumira ndalama.

Caciwiri ndico cimene cinapha masewerawa kweni kweni. Kulipira munthu, ojambula, magetsi ndi oyang'anira ana tsiku ndi tsiku kunali kodula. Kugula makatuni opangidwa kale, amene agulitsidwa ku mizinda yonse nthawi imodzi, kunali kochipa. Alimi mudziwa m'mene nsaru ya m'sitolo inathera nchito ya oomba nsaru a m'midzi. Pambuyo pace kunadza wailesi ya kanema yoyenda pa waya, imene inali kuonetsa za ana tsiku lonse, monga Nickelodeon imene inayamba m'caka ca 1979. Pofika zaka za m'ma 1980 mizinda yambiri inalibenso munthu wace wa ana.

Koma cowawa koposa ndi ici. Anthu aja atakula nafuna kuonanso masewera a ubwana wao, anapeza kuti kulibe. Oyamba sanajambulidwe konse, popeza anali kungoulutsidwa ndi kutha ngati utsi. Makina osungira zithunzi pa tepi anadza m'caka ca 1956, koma tepi inali ya mtengo wapatali, ndipo eni mawailesi anali kufafaniza za dzulo kuti ajambulepo za lero. Palibe anaganiza kuti masewera a ana ndi cinthu coyenera kusunga. Pa masewera amene anaoneka masiku zikwi zambiri, kawirikawiri patsala matepi owerengeka. M'caka ca 2012 a WGN ataipeza tepi imodzi ya Bozo ya caka ca 1971, anaiulutsa ngati cinthu ca mtengo, ndipo agogo anaitana zidzukulu kudzaona.

Kwathu kuno ku Malawi wailesi ya kanema inayamba mocedwa, m'caka ca 1999, kotero ana oyamba kuionera ali kulera ana ao tsopano. M'midzi yambiri ana aonera kanema pa foni kapena m'tinyumba ta vidiyo pa msika, ndipo zambiri zimene aona zicokera kutali, kwa anthu amene sadziwa dzina la mwana ali yense wa m'mudzi mwanu. Sitinena kuti muwaletse zonse, zina aphunzirako. Koma mfumu iri ndi mphamvu yofunsa mwini kanyumba ka vidiyo cimene aonetsa ana, ndi nthawi imene awaonetsa, makamaka masiku a sukulu.

Ndipo ife tiri ndi mwai umene a ku America aja analibe, popeza kujambula sikudulanso. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo wodziwa nthano, zirapi ndi nyimbo za ana, tumani mnyamata wa foni akam'jambule madzulo ena mukatha kukolola. Asam'jambule yekha, ajambule pamodzi ndi ana ali kuyankha. Poyamba achule dzina la gogoyo, dzina la mudzi ndi caka, ndipo ana omwe anene maina ao mmodzi mmodzi. Mukatha, musasunge pa foni imodzi, pakuti foni igwa m'madzi ndipo ibedwa. Tumizani kwa aphunzitsi aakulu a pa sukulu yanu, ndi kwa mbale wina wokhala ku tauni.