Ubweya wa Mphaka Wokalamba

M'cigwa ca Mazowe, kumpoto kwa mzinda wa Harare, muli tauni yaing'ono yochedwa Concession. Dziko lace ndi la nthaka yofiira, la cimanga, fodya ndi malalanje, ndipo m'makomboni a m'mapulazi amenewo Cinyanja cimamveka kufikira lero, pakuti makolo a anthu ambiri anacokera ku Malawi, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena oyenda pansi, ena olembedwa ndi Mthandizi, bungwe la anchito limene linayamba mu 1946. Kuyambira mu 2000 mapulazi ambiri akulu anagawidwa, koma pali wanchito mmodzi amene nchito yace sinasinthe, ndiye mphaka. Pamene pali nkhokwe kapena shedi ya cimanga pali makoswe, ndipo mlonda ameneyu, amene sanalembedwepo pa tikiti, alonda usiku wonse.

Tsono mlonda nayenso akalamba. Mphaka wa zaka 11 afanana ndi munthu wa zaka 60, ndipo wa zaka 15 afanana ndi nkhalamba ya zaka 76. Akafika msinkhu umenewu, cinthu coyamba kusintha ndico ubweya wace. Umene unali wosalala ndi wonyezimira uyamba kunyankhalala, nuimirira timagulu-timagulu ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe. Pamsana, pafupi ndi mcira, upotana nusanduka mfundo zolimba. Mwini wace aona zimenezi nati, "Wakalamba basi." Apa ndipo pali colakwa. Ukalamba pa wokha suletsa mphaka kusamba. Cimletsa ndi kupweteka kapena nthenda, ndipo zambiri mwa nthendazo dotolo wa ziweto akhoza kuziciza kapena kuzicepetsa ngati aziona msanga.

Lilime la mphaka liri ndi timinga tating'ono toloza kummero, ndipo ndilo cipeso cace. Mphaka wolimba atha nthawi yaikuru ya tsiku alikudzinyambita, kucotsa ubweya wothothoka ndi kufalitsa mafuta a pakhungu. Kuti afike pamsana ndi m'ncafu ayenera kupinda thupi lonse. Cifukwa cace nyamakazi ikalowa m'mfundo za msana ndi m'ciuno, malo akutaliwo ndiwo ayamba kuonongeka, pamene kumaso ndi miyendo yakutsogolo zikhalabe zaudongo. Nthenda imeneyi ndi yofala koposa m'mene anthu ayesera. Mu 2002 madotolo a ku North Carolina, ku America, anaona zithunzi za mafupa a amphaka 100 a zaka zoposa 12, napeza kuti 90 mwa iwo mfundo zao zinali zitayamba kutha. Komatu mphaka satsimphina kawirikawiri monga acitira garu. Iye angoleka kulumphira padenga la nkhokwe pamene ankagona kale, nayamba kugona pansi pafupi ndi moto; aima nthawi yaitali asanakwere pampando; ndipo mwana akamgwira pamsana amkanda, cinthu cimene sanacitepo. Anthu ati wasanduka wolusa, pamene iye alikumva kuwawa.

Mano nao ali ndi mlandu. Mphaka wamkuru ali ndi mano 30, ndipo akabvunda, kapena nkhama zikatupa, lilime lileka nchito. Wotere akha dobvu, anunkha m'kamwa, ndipo afika pambale ndi njala koma atafunira mbali imodzi nagwetsa cakudya.

Nthenda ziwiri za m'kati mwa thupi ziyenera kudziwika bwino, popeza nazonso zionekera pa ubweya. Yoyamba ndi ya impso. Impso zikatopa zileka kusunga madzi, cotero mphaka akodza kwambiri namwa kwambiri: apezeka pampopi, pamgolo, pathawale la kubafa, iye amene kale sankaoneka alikumwa konse. Aonda pang'ono-pang'ono, asanza, ndipo khungu la pakhosi likakokedwa silibwerera msanga. Impso zoonongeka sizikonzeka ai, koma cakudya coyenera, madzi okwanira ndi mankhwala zikhoza kumuonjezera miyezi yambiri, ngakhale zaka.

Yaciwiri ndi ya cithokomiro, kanthu ka pakhosi kamene kalamulira liwiro la nchito zonse za m'thupi. Mwa amphaka nthendayi inalongosoledwa koyamba mu 1979 ku New York, ndipo tsopano idziwika kuti iri pakati pa nthenda zofala za amphaka okalamba. Inyenga anthu cifukwa wodwalayo adya ngati awiri, ayendayenda, alira usiku, koma nthiti ziri pamtunda ndipo ubweya uli nyankhalala. Mwini wace ati, "Cinthu cakudya cotere sicingadwale." Pomwepo mtima wa mphakayo ulikuthamanga kopitirira muyeso, ndipo potsiriza ulema. Iyi ndi nthenda yocizika ndi mapiritsi a tsiku ndi tsiku kapena ndi opaleshoni. Nthenda ya shuga nayo ibweretsa ludzu ndi kuonda, ndipo munthu sangathe kusiyanitsa zitatuzi ndi maso. Afunika kupima magazi ndi mikodzo.

Pakhungu penipeni, mdani wamkuru ndi utitiri, umene ucuruka pa mphaka amene waleka kudzipesa, numwa magazi ace ndi kumpatsa njoka za m'mimba. Ubweya ukathothoka mozungulira ngati ndalama, ziyenera kuti ndi zipere, ndipo zimenezi zipatsirana ndi ana ogona ndi mphakayo. Amphaka a makutu oyera ndi mphuno yoyera ali ndi tsoka lao-lao m'dziko lokwera la dzuwa lamphamvu ngati la Mashonaland: nkhanambo ya kunsonga kwa khutu imene ipola ndi kubweranso kawirikawiri ikhala ciyambi ca khansa. Nsongayo ikadulidwa msanga ndi dotolo mphaka apulumuka. Akacedwa, cironda cidya khutu lonse.

Pa pulazi, ngozi yoposa nthenda ndiyo cifundo ca mwini wace, pakuti mankhwala ali pafupi ndipo aliyense adziyesa wodziwa. Dibi wa ng'ombe apha nkhupakupa, tsono munthu atunga pang'ono m'citini nasambitsa mphaka. Wina ampaka oilo wakuda wa thirakitala, kapena parafini, monga anaonera anthu alikucita ndi garu wa mphere. Onsewa aiwala kuti ciri conse copakidwa pa mphaka cilowa m'mimba mwace, popeza iye acinyambita, ndi kuti ciwindi ca mphaka sicitha kusungunula mankhwala ambiri amene ng'ombe, garu ndi munthu apirira. Mankhwala a utitiri wa agaru okhala ndi permethrin amcititsa kunjenjemera ndi kukomoka. Mankhwala otsukira m'zimbudzi, onga Jeyes Fluid, ndi ululu kwa iye. Coposa zonse ndi panado: mbulu umodzi wokha wa munthu wamkuru ukhoza kupha mphaka. Nkhama zace zida, nkhope itupa, apuma mobvutika, ndipo amene anafuna kumcotsera nyamakazi amkumbira dzenje.

Pali nthawi imodzi imene mphaka sayenera kugwiridwa konse. Ciwewe cinalowanso m'dziko limeneli mu 1950, ndipo m'mapulazi a Mashonaland cakhala cikufalitsidwa ndi nkhandwe pamodzi ndi agaru. Kusintha kwa ukalamba kudza pang'ono-pang'ono, pa miyezi. Koma mphaka amene wasintha khalidwe pa masiku awiri kapena atatu, wakukha dobvu, woluma popanda cifukwa, kapena wozizira miyendo, atsekeredwe pamene aliripo ndipo a Boma a za ziweto auzidwe. Munthu wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati lipola.

Anchito a Boma a za ziweto a m'maboma atanganidwa makamaka ndi ng'ombe, koma adziwa kumene mphaka angapimidwe magazi. Ku Harare kuli madotolo a ziweto zazing'ono, kuli bungwe la SPCA, ndiponso ku Mount Pleasant kuli sukulu ya madotolo a ziweto ya University of Zimbabwe, imene inayamba mu 1982. Mphaka anyamulidwe m'bokosi lobooledwa kapena m'dengu lobvundikira, osati m'thumba la feteleza. Popeza wodwalayo salankhula, mau a mwini wace ndiwo theka la kupima: anene zaka zace, mwezi umene anayamba kuonda, madzi amene akumwa, ndiponso, mopanda manyazi, mankhwala ali onse amene anampatsa kale kunyumba.

Kunyumbako nchito ndi yocepa. Mbale ya madzi ikhale pansi, pamthunzi, yodzala nthawi zonse. M'miyezi ya June ndi July agone pa thumba louma pamalo otentha. Nsima yokha simkwanira, pakuti mphaka ndi wakudya nyama, ndipo wokalamba amene waleka kugwira makoswe afunika matemba, dzira lophika kapena tinyama tofewa. Apesedwe pang'ono tsiku ndi tsiku ndi cipeso ca mano otalikirana. Mfundo za ubweya zikalimba, cipeso cilowetsedwe pakati pa mfundo ndi khungu, ndipo sizasi idule pamwamba pa cipesoco, cifukwa khungu la mphaka wokalamba ndi lopyapyala ndipo litsata ubweya ukakokedwa.