Kuimira ukhansala: zimene Mkhristu ayenera kudziwa asanapereke mapepala

Abale ndi alongo m'mipingo yathu ya ku Kitwe ndi ku Ndola, masankho akayandikira timakamba kwambiri za pulezidenti ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo. Khansala timangomudziwa ngati munthu uja amene amafika pa maliro ndi thumba la unga. Koma nchito yake yaikulu ili m'cipinda ca misonkhano ca khonsolo, kumene amayenera kufunsa mafunso m'malo mwa anthu a m'wadi yake. Amene akuganiza zoimira mpandowu ayambe wamvetsa zimenezi.

Kale makhansala ankasankha meya pakati pao. Malamulo a dziko atasinthidwa mu 2016, meya anayamba kusankhidwa ndi anthu a mzinda wonse, kuyambira pa masankho a pa 11 August caka cimeneco. Meya amatsogolera misonkhano, ndipo Town Clerk ndi anchito ake amayendetsa maofesi tsiku ndi tsiku. Koma bajeti, misonkho ya khonsolo ndi malamulo a mzinda zimadutsa pamaso pa makhansala, coyamba m'makomiti, kenaka pa msonkhano wa onse. Ndiwonso amasankha waciwiri kwa meya pakati pao. Iwo akakhala cete, palibe wina m'cipindamo wofunsa kumene ndalama za pa msika wa Chisokone kapena wa Masala zapita.

Malamulo a 2016 amanena kuti woimira ukhansala akhale ndi zaka zosacepera 19, akhale ndi satifiketi ya Grade 12 kapena yolingana nayo, akhale nzika kapena wokhala ndi cilolezo cokhalira m'dziko muno, ndipo azikhala m'dera la khonsolo imeneyo. Ngati ali ndi misonkho yolipira ku khonsolo, aonetse kalata yotsimikizira kuti analipira. Satifiketi ya sukulu muitsimikizitse msanga ku Examinations Council of Zambia, musadikire sabata yomaliza. Pa tsiku lopereka mapepala mudzafunika anthu 9 okucirikizani, olembetsedwa kuvota m'wadi yanu, pamodzi ndi ndalama imene bungwe la Electoral Commission of Zambia limalengeza masankho asanacitike. Ku ofesi ya bungweli n'kumene mungatenge mndandanda wonse wa zofunika.

Mungaime m'dzina la cipani kapena panokha. Kuima pawekha n'kovuta, koma kumatheka: mu 2006 a Christopher Kang'ombe anapambana ukhansala wa wadi ya Riverside ku Kitwe opanda cipani, akali wophunzira pa Copperbelt University, ndipo mu 2016 anakhala meya wa mzindawo. Masankho amacitika pa Cinayi caciwiri ca mwezi wa August zaka zisanu zilizonse, ndipo wosakhutira ndi zotsatira amakadandaula ku bwalo lapadera loweruza za masankho a makhonsolo.

Mpandowu wakula cifukwa ca ndalama. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo ndalamazi zimadzera ku khonsolo. Maganizo a zoti zimangidwe amayambira m'makomiti a citukuko a m'mawadi, m'mene khansala amakhalamo. Ngalande ya ku Chimwemwe kapena kalasi ya ku Lubuto ingamangidwe bwino kapena kusiyidwa pakati, malinga ndi kuti pali wina amene akutsatira kontirakitala ndi kuwerenga malipoti.

Nkhani ya malo nayonso ndi yolemera. Mu 2020 nduna yoona za maboma aang'ono inaimitsa makhonsolo a Kitwe ndi Lusaka kwa miyezi itatu cifukwa ca madandaulo a kagawidwe ka mapoloti. Tikawerenga 1 Mafumu 21 timakumbukira Ahabu ndi Yezebeli, koma munda wa Naboti sukanalandidwa popanda akulu a mzinda wake. Iwo analandira makalata ocokera kumwamba kwa olamulira, nacita zonse osafunsa kanthu. Khansala amakhala pa mpando wa akulu amenewo. Tsiku lina pepala lidzafika pa tebulo lokhudza bwalo losewerera ana kapena poloti ya mayi wamasiye, ndipo amene akulifuna angakhale meya wa cipani canu, kapena mnzanu wa m'kwaya.

Conco musanagule ndi malaya a kampeni omwe, dziyeseni. Kodi mungathe kuwerenga bajeti mpaka tsamba lomaliza? Kodi mungavote mosiyana ndi anzanu a cipani pamene cikumbumtima cakana? Nkhani ikakhudza bizinesi yanu kapena ya mbale wanu, lamulo limafuna kuti muulule, ndipo musatengeko mbali. Kugawa ndalama kapena mphatso kuti anthu akuvotereni ndi mlandu, ndipo kungacititse kuti cipambano canu cifafanizidwe. Amene wagula mpando amafuna kubweza ndalama zake, ndipo amazibweza kucokera kwa anthu omwewo.

Mpingo uli ndi mbali yake. M'mabenci mwathu mumakhala anthu a zipani zonse, motero gome la mlaliki lisasanduke nsanja ya kampeni. Ngati ndinu mkulu wa mpingo, mlembi kapena msungicuma, kambiranani ndi abusa za udindo wanu musanalengeze kuti mukuima. Amayi ndi acinyamata amene ali ndi zoyenereza tiwalimbikitse, cifukwa ndiwo amadziwa bwino mavuto a m'misika ndi m'makomboni.

Amene sitidzaima tizipita kukamvetsera misonkhano ya khonsolo yonse, pakuti anthu amaloledwa kukhalapo. Tiwapempherere amene adzaime, ndipo akapambana tiziwafunsa za bajeti ndi za mapoloti, osati za unga wa pa maliro wokha.