Galimoto Ikakana Kulira: Za Koyilo ndi Mawaya Ake

Lero tilankhula ndi inu oyendetsa galimoto za petulo m'boma la Ntcheu, makamaka amene mumanyamula mbatatesi ndi kabichi ku Tsangano ndi ku Lizulu. Galimoto ikafera panjira katundu amaonongeka, ndipo ambiri amathamangira kukagula koyilo yatsopano pamene yakaleyo iri yabwino.

Ntchito ya koyilo ndi iyi. Batire imapatsa mphamvu ya mavolti 12 okha, osakwanira kuyatsa petulo. Koyilo imakweza mphamvuyo kufikira mavolti 20,000 kapena kuposa, kuti moto ulumphe pa pulagi. Waya mmodzi akamasuka panjira imeneyi, moto sufika.

Tsono musanataye ndalama, yambani ndi zazing'ono. Choyamba, onani fyuzi ndi mitu ya batire. Palani dzimbiri, mangitsani zomasuka. Chachiwiri, tembenuzani kiyi, muyese ndi kababu ngati magetsi alikufika pa koyilo. Kababu kakapanda kuyaka, cholakwa chiri pa waya kapena pa kiyi, osati pa koyilo. Chachitatu, pukutani chinyezi. Nkhungu ya ku Lizulu imanyowetsa mawaya a mapulagi, ndipo moto umathawira pambali.

Pa galimoto zakale za distributor, zulani waya wapakati, muugwire ndi pulayala ya mphira pafupi ndi chitsulo cha injini, mnzanu alize. Moto wamphamvu wolira thethethe usonyeza kuti koyilo iri moyo. Ukakhala wofooka, onani mapointi ndi kondensa. Musaugwire ndi dzanja, ndipo pasakhale petulo wotayika pafupi.

Pa galimoto zatsopano, pamene pulagi iliyonse iri ndi koyilo yake, musayese motero, mungaononge kompyuta. Injini ikamanjenjemera, sinthanitsani koyilo imene mukuikayikira ndi inzake. Vuto likasamukira kumene yapita, mwampeza wolakwa.

Chizindikiro china ndi ichi: injini imazima ikatentha pokwera chitunda, monga pochokera ku Balaka, nkuliranso ikazizira. Kawirikawiri imeneyo ndi koyilo yotha. Koyilo yotere sikonzeka. Gulani ina yolingana ndi galimoto yanu, ndipo muone mapulagi, chifukwa pulagi yakutha imatopetsa koyilo yatsopano.

Zikakukanikani pitani kwa makaniko, koma muwauze zonse mwayesa kale. Tsalani bwino.