Ana a ku Milange ndi njira ya ku sukulu za kutsidya kwa nyanja

Munthu woima pachipata cha Muloza m'nyengo yokolola, poona njinga zosenza matumba a chimanga zilikutsika kuchokera ku Milange kunka ku Mulanje, ndi anyamata ozikankha akusintha metikali ndi kwacha, uku akutsutsana mtengo m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi osadodoma, sangakayike konse kuti ana a m'tsinde mwa phiri la Tumbine saopa malire a dziko. Koma akati afunse kuti mwa iwo ndani adamvapo za njira imene boma lawo limatumizira ana kukaphunzira kunja, adzapeza kuti oyankha ndi owerengeka.

Sizinali chomwecho masiku onse. Pamene Mozambique adalandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambiri adachoka, nasiya dziko losowa aphunzitsi, madokotala ndi amisiri; ndipo mtsogoleri wa dzikolo Samora Machel, poona kuti zokolola zichuluka koma antchito ali ochepa, adapangana ndi maiko abwenzi kuti amlerere ana. Mu 1977, chaka chimene Fidel Castro adacheza ku Mozambique, ana oyamba adapita ku chilumba cha ku Cuba chimene lero chitchedwa Isla de la Juventud, kumene ankakhala theka la tsiku m'kalasi ndi theka m'minda ya zipatso, ali pamodzi ndi aphunzitsi a kwawo owakumbutsa mbiri ya dziko lawo. Mu 1982 ana ena pafupifupi 900, osankhidwa m'zigawo zonse, adatumizidwa ku mzinda wa Staßfurt ku East Germany. Chimene ndiyamikira pa nthawi imeneyo n'chakuti boma ndilo linkamfuna mwana, kufikira mwana wa mlimi amene atate wake sadaonepo Maputo.

Komatu walira mvula walira matope. Ana a ku Staßfurt aja, amene adachoka kwawo ali a zaka 12 kapena 14, nakula akulankhula Chijeremani, naphunzira ntchito za magetsi ndi za makina ali ndi chiyembekezo chodzamanga mafakitale a dziko lawo, adabwerera mu 1988 napeza Samora adafa kale pangozi ya ndege ku Mbuzini mu 1986, dziko lili m'nkhondo, mafakitale ali zii. Ndipo m'malo mopatsidwa ntchito adalembedwa usilikali. Milange yemwe adali atagwa m'manja mwa gulu loukira boma la Renamo mu 1986, anthu ake nathawira m'misasa ya ku Malawi, kotero kuti amene kwawo kunali ku Milange akadafika pakhomo popanda wowalonjera. Boma lidakonza ulendo wopita, koma wobwerera lidausiya m'manja mwa Mulungu.

Lero makomo achuluka kuposa kale, ngakhale kuti palibenso wodzagogoda pakhomo pa mlimi. Boma lili ndi bungwe lake la Instituto de Bolsas de Estudo, limene limalengeza malo operekedwa ndi maiko monga Algeria, China, Russia ndi Portugal. Dziko la Brazil, kudzera m'ndondomeko ya PEC-G, limalandira ophunzira m'mayunivesite ake popanda fizi, koma chakudya ndi pogona alipira ndi banja, ndipo pafunika munthu wosaina kuti adzasenza katunduyo. Chiyambire 1995, pamene Mozambique adalowa mu Commonwealth, khomo la maphunziro a m'Chingerezi lidatseguka. Koma thandizo lotchuka la Chevening la boma la Britain ndi la amene ali kale ndi digiri, adagwirapo ntchito, ndipo afuna digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Nawo Amereka adakhazika alangizi a EducationUSA ku Maputo, amene salonjeza ndalama, koma amaongolera munthu posankha sukulu, polemba mayeso a Chingerezi ndi popempha chithandizo.

Taonani tsono mtsikana amene watsiriza kalasi 12 ku Milange ndi malikisi okoma. Chilengezo cha thandizo la maphunziro (bolsa) chaikidwa pa intaneti, masiku olembetsa ndi ochepa, ndipo iye achimva kwa mnzake pa WhatsApp nthawi itapita kale. Afunika satifiketi yodindidwa, chitupa cha unzika, kalata ya dokotala, kalata yosonyeza kuti alibe mlandu, ndi pasipoti. Pepala lililonse lili ndi mzere wake ndi mtengo wake, ndipo lina limfuna akwere galimoto kudzera ku Mocuba mpaka ku Quelimane, ndalama yake itachokera m'nkhokwe ya amake. Mnzake wa ku Maputo, amene malume ake adaphunzira ku Lisbon, adasonkhanitsa zonsezi chaka chatha. Amati safunsa adadya phula. Nanga iye amene afuna kufunsa koma wofunsidwa ali kutali, timpatse mlandu wanji?

Kunena mosapsatira, mwa zonse zimene boma lingachitire mwana wa kumalire, uphungu ndiwo wotsika mtengo, ndipo ndiwo umene uchedwa kufika. Mlangizi woona samangoonetsa pokasaina: amauza kholo kuti ku Russia mwana adzayamba wataya chaka pophunzira chinenero, kuti ndalama ya pamwezi itha kuchedwa chisanu chili pakhomo, kuti digiri yakunja iyenera kuvomerezedwa ndi boma mwini wake asanalembedwe nayo ntchito, ndiponso kuti munthu wofuna ndalama kuti akupezereni malo a boma ayenera kukayikiridwa. Mau otere angathe kunenedwa ndi mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa bwino pa sekondale iliyonse, kuyambira ana ali m'kalasi 10, nawerengedwanso pawailesi ya m'deralo m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kuti amalume ndi amayi, amene adzagulitse chimanga cholipirira pasipotiyo, adzimvere okha chimene akulipirira.