Tabuleti yafika kwa mwana, mphunzitsi akadali ndi choko

Kalasi ya Sitandade 2 sikhala chete. Ana akapitirira 100, monga zilili m'sukulu zambiri za m'dziko muno, mphunzitsi amaweruka mawu atasasa. Koma mukafika pasukulu yomwe inalandira matabuleti, nthawi yake ikakwana, mumangomva mpweya wokha. Mwana aliyense wavala zomvera m'makutu, wawerama, kachala kali pagalasi. Mawu a Chichewa akumuuza kuti akhudze lembo, aphatikize "ma" ndi "yi", awerenge zinthu zomwe zaoneka. Akaphonya, makinawo samukalipira, amangomubweza kuti ayesenso.

Nkhaniyi inayambira pasukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, pomwe bungwe la onebillion la ku Britain, mogwirizana ndi bungwe la VSO komanso unduna wa zamaphunziro, linayesa pulogalamu yake ya masamu. Akatswiri a University of Nottingham anatsatira anawo kwa masabata 8, ndipo anapeza kuti omwe ankagwira tabuleti theka la ola patsiku anawaposa anzawo. Mu 2019 onebillion inapambana mphoto ya Global Learning XPRIZE pamodzi ndi Kitkit School, atayesa mapulogalamu awo m'midzi ya ku Tanzania. Kenaka mu 2023 boma linakhazikitsa ndondomeko ya matabuleti m'sukulu yotchedwa BEFIT, kuyamba ndi sukulu 500. Cholinga n'kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma za pulayimale, zomwe zilipo pafupifupi 6,000.

Chomwe chapangitsa kuti ntchitoyi itheke kumudzi n'chakuti sidalira intaneti pa nthawi ya phunziro. Maphunziro onse ali kale m'tabuletimo, ndipo mabatire amatchajidwa ndi sola. Omwe anakonza zimenezi anaidziwa bwino sukulu ya kwathu, yopanda waya wa magetsi, komwe netiweki imagwira ukakwera pachulu.

Nanga mphunzitsi? Tabuleti ikabwerera m'bokosi, tsiku lonse lotsala ndi lake. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, pomwe ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira kusukulu m'chaka chimodzi, iye wakhala akudzipezera yekha zophunzitsira. Ku koleji anamuphunzitsa TALULAR, kugwiritsa ntchito zomwe zili pafupi: zitsekerero za mabotolo, timitengo tomanga khumikhumi, makatoni odula zilembo, miyala. Luso limeneli ndi lamtengo wapatali ndipo lisatayidwe. Koma lero mphunzitsi yemweyo ali ndi foni, ndipo usiku polemba mapulani a phunziro amaitsegula kufuna nzeru zina.

Zomwe amapezamo zimafooketsa. Intaneti yadzaza ndi mapepala a ntchito, nyimbo ndi mavidiyo a ana a pulayimale, koma pafupifupi zonse zili m'Chingerezi, zokonzedwera mwana wa dziko lina. Masamu ake ndi a madola, nkhani zake ndi za chipale chofewa. Zambiri zimafuna pulinta, chinthu chomwe sukulu zambiri zilibe. Vidiyo imodzi imatha bandulo yomwe mphunzitsi wagula ndi ndalama za ndiwo. Mapeto ake, chomwe chimathandiza kwenikweni ndi gulu la WhatsApp la aphunzitsi anzake, komwe wina amajambula tsamba la buku la mphunzitsi n'kutumizira mnzake yemwe buku lake linang'ambika kalekale.

Zabwino m'chiyankhulo chathu zilipo ndithu, kungoti n'zochepa. African Storybook, yomwe inayambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi timabuku ta zithunzi taulere m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, ndi Chichewa chomwe. Mphunzitsi akhoza kukopera kabuku m'foni, kukawerengera ana, ngakhale kulemba kake n'kukaika pomwepo kuti anzake akapeze. Tangoganizani nthano zomwe aphunzitsi a ku Nsanje, Mchinji kapena Nkhotakota akanalemba atauzidwa kuti mwayiwu ulipo.

Tinaphunzirapo kale sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Maphunziro a pa intaneti anafikira ochepa, ndipo kwa ana a pulayimale boma linatembenukira ku wayilesi. Chida chimathandiza chikafika pomwe munthu ali.

Ndiye pempho lipite kwa akuluakulu a zamaphunziro. Mabuku omwe Malawi Institute of Education imakonza ku Domasi, a ophunzira ndi a aphunzitsi omwe, apezeke mosavuta m'foni ya mphunzitsi aliyense popanda kuwononga bandulo. Pa malo aliwonse osulira aphunzitsi (TDC) pakhale kompyuta ya sola yomwe mphunzitsi angakopereko zithunzi, nthano ndi mapulani a m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Mwana wapatsidwa chida chake. Mphunzitsi wake nayenso apatsidwe.